Fanizani Akuda, Mchewa amene adaimbitsa mwala likhweru

Msewu wa Seke umachoka pakati pa mzinda wa Harare kulowera kum'mwera, ndipo usanapite patali umadutsa m'mphepete mwa Graniteside, dera la mafakitale, magalaja ndi nyumba zosungiramo katundu. Kuno anthu amangodzagwira ntchito. Amafika m'mawa kuchokera ku Mbare, ku Sunningdale ndi ku Chitungwiza, dzuwa likapendeka n'kubwerera kwawo, ndipo ine ndine mmodzi mwa iwo. Dzina la derali likunena za mwala wa granite, umene uli mbwee m'dziko lino, koma mwala umene udatchukitsa Zimbabwe kumaiko akunja si umenewu ayi. Granite ndi wouma kwambiri, amabunthitsa tchizulo msanga. Osema a kuno amakonda serpentine, mwala wochokera m'mapiri a Great Dyke. Mukautsata msewu wa Seke mtunda wa makilomita pafupifupi 25 mufika ku Chitungwiza, kumene mmodzi mwa akatswiri osema mwala umenewu adakhala zaka zoposa 35, mpaka imfa yawo mu 2011. Dzina lawo ndi a Fanizani Akuda, ena ankawadziwa kuti a Fanizani Phiri. Anali Mchewa. Koma m'mabuku ambiri ndi m'masitolo a zaluso ku Ulaya ntchito yawo imapezeka pansi pa mutu wakuti Shona sculpture, kutanthauza zosema za Ashona. Ndikufuna kulondola mmene zimenezi zidachitikira, chifukwa moyo wa bamboyu ukutionetsa kumene luso limeneli lidabadwira kwenikweni.

A Fanizani adabadwa mu 1932 ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Sadapite kusukulu. Achewa a m'dziko limenelo kwawo ndi kum'mawa, kuchigawo cha Fort Jameson, tauni imene tsopano timaitcha Chipata, ndipo pa nthawiyo chigawochi chinali ngati nkhokwe yotapamo antchito. Malo ambiri achonde anali m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi alimi achizungu, eni nthaka atapanikizidwa m'madera ochepa, msonkho ukufunika chaka ndi chaka, ntchito ya malipiro ooneka kulibe. Mnyamata akangoyamba kumera ndevu ankadziwa kumene akulowera. Mu 1949, ali ndi zaka pafupifupi 17, a Fanizani adawoloka Zambezi kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia. Chaka chomwecho njala yaikulu idavuta ku Nyasaland, kutsidya chabe kwa malire, n'kukankhira anthu enanso ambiri panjira yomweyo.

Kum'mwerako ankawafuna kwambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Britain idasowa madola ogulira fodya wa ku America, ndipo mu 1947 makampani ake a fodya adapangana ndi alimi a ku Southern Rhodesia kuti azigula gawo lalikulu la zokolola zawo. Mapulazi a fodya adachuluka ku Mashonaland, ndipo fodya ndi mbewu yofuna manja ambiri: kufesa, kuwokera, kuthyola, kuwotcha m'mabani, kusankha. Ashona ambiri, amene anali ndi minda ndi ng'ombe zawo, sankaikonda ntchito ya m'pulazi chifukwa cha kuchepa kwa malipiro. Choncho boma lidayang'ana kumpoto. Linali ndi malole onyamula anthu osalipira kuchokera kumalire, ndipo dzina lake linali la chilankhulo chathu: Ulere. Kunalinso bungwe lolemba anthu ntchito za m'mapulazi limene makolo athu ankalitcha Mthandizi. Atsamunda ankadziwa kusankha mayina okoma. Amene ankafuna ndalama zochulukirapo ankalowera ku Joni kudzera ku Wenela, ena onse ankatsikira kuno, dziko limene kumudzi ankangolitcha Halale, kalekale Salisbury isanasinthidwe dzina kukhala Harare mu 1982. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma alendo ambiri a ulendo umenewu sadakamuke. Adakwatira, adabereka, adaikidwa m'manda konkuno, ndipo kumudzi adawatcha machona.

Kwa zaka 17 a Fanizani adagwira ntchito iliyonse imene idapezeka. Adathyola thonje, adamanga nyumba za njerwa, adaluka madengu, ndipo pofika 1966 anali atakwera mpaka kukhala woyang'anira pulazi. Amene amalemba mbiri yawo amadutsa mwachangu pa zaka zimenezi, ngati kuti ndi nthawi imene luso linali lisanadzuke. Ine ndimaona kuti sukulu yawo inali imeneyi. Woluka dengu amadziwa kuti chinthu chozungulira chimayambira pakati, ndipo mbali imodzi ikalemera dengu lonse limapendama. Womanga njerwa amadziwa kulemera kwa chinthu ndi pamene chingakhazikike osagwa. Mukayang'ana mitu yobulungira imene iwo adasema pambuyo pake, yokhazikika bwino, yopanda mbali yosongoka imene ingathyoke panjira, mukuona manja a munthu amene adazolowera kupanga zinthu zoti anthu agwiritse ntchito.

Chimene chidawafikitsa ku mwala chinali ndale. Pa 11 Novembala 1965 boma la a Ian Smith lidalengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha popanda chilolezo cha Britain. Britain idasiya kugula fodya wa Rhodesia, ndipo mu Disembala 1966 bungwe la United Nations lidalamula maiko onse kuleka kugula katundu wofunika wa dzikoli. Fodya adaunjikana m'nyumba zosungiramo, alimi ambiri adagwa mphwayi. Mmodzi mwa iwo anali a Tom Blomefield, mzungu wobadwira ku South Africa, amene anali ndi pulazi yotchedwa Tengenenge pafupi ndi Guruve, imene masiku amenewo inkatchedwa Sipolilo, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare. Pulaziyi ili m'mphepete mwa Great Dyke, mzere wa mapiri wotalika makilomita oposa 500 umene umadula dzikoli pakati ndipo uli ndi chrome, platinum ndi serpentine. A Crispen Chakanyuka, amene adaphunzira kusema kwa a Joram Mariga a ku Nyanga, ndi amene adaonetsa a Blomefield kuti phiri la pa pulazi yawo lili ndi mwala wosemeka bwino. Mu 1966 mlimi wa fodya uja adauza antchito ake kuti amene akufuna atenge zida ayese.

Tsono funso ndi lakuti: m'komboni ya pulazi ya fodya ku Mashonaland mu 1966 munkakhala yani? Munali Achewa ndi Ayao ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, munali anthu ochokera kutali ku Angola, komanso Akorekore a m'midzi yozungulira. Mwa oyamba kusema munali a Lemon Moses, ochokera ku Malawi. A Josiah Manzi, obadwira kuno kwa makolo achiyao a ku Malawi, adalowa posakhalitsa. A Amali Malola anali Myao, a Makina Kameya anali Mmbunda wa ku Angola. Pambali pawo panali ana a m'dera lomwelo, a Henry Munyaradzi ndi a Bernard Matemera, amene adadzakhala mayina aakulu kwambiri. Anthu onsewa ankasema pansi pa mitengo, wina akuona zimene mnzake akuchita, akubwerekana nyundo, akusekana wina akaswa mwala. Usiku ng'oma za Gule Wamkulu zinkalira monga zinkalirira m'makomboni ena a mapulazi ndi migodi.

A Fanizani adafika ku Tengenenge chaka chomwecho cha 1966, koma sadalembedwe ngati wosema. Ntchito yawo inali yokumba ndi kuswa miyala kuphiri kuti ena aseme. Patapita nthawi ndi pamene adayesa okha, ndipo ataona kuti chosema chawo chagulidwa ndi ndalama yooneka, adasiya zina zonse. Mfundo imeneyi imawasowetsa mtendere anthu ena okonda zaluso, amene amafuna kumva kuti wosema adalota maloto kapena adaitanidwa ndi mizimu. Kwa ine palibe chochititsa manyazi pamenepa. Munthu amene adachoka kwawo ali mnyamata kudzafuna ndalama, wokhala ndi banja loti alidyetse, adapeza ntchito imene inkalipira kuposa thonje ndi njerwa, ndipo adaigwira bwino kuposa anzake ambiri. Komanso wokumba miyala ali ndi mwayi umene wosema wamba alibe. Amaudziwa mwala usanachoke m'phiri, amadziwa umene uli ndi mng'alu wobisika, amamva pakugogoda ngati ndi wolimba mpaka m'kati.

Kasemedwe kake sikadasinthe kwenikweni kuyambira masiku amenewo. Wosema amayamba ndi nyundo ndi tchizulo kuchotsa zikuluzikulu, kenako amasalaza ndi tupa, n'kumaliza ndi sandipepa wonyowetsa m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala. Pamenepo mwala umaoneka wotuwa, wosasangalatsa. Ndiye amauwotcha pamoto, n'kuupaka phula kapena polishi ukadali wotentha kuti alowe m'kati, ndipo ukazizira amaupukuta ndi nsalu. Ndi pamene mtundu wake weniweni umatuluka, wakuda bii, wobiriwira kapena wofiirira. Pamene wosema sadapakepo phula pamakhala potuwa, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene amapangira tsitsi, nthenga kapena chovala.

Chosema cha a Fanizani simungachisokoneze ndi cha munthu wina. Nkhope zake ndi zobulungira, masaya otupa, ndipo maso ndi otundumuka, odulidwa pakati ndi kamzere kamodzi, ngati munthu amene watsinzina chifukwa cha kuseka kapena chifukwa cha dzuwa. Pafupifupi onse akumwetulira. Kawirikawiri sakhala okha: mayi ndi mwana, mwamuna ndi mkazi, ana atapanikizana ngati ajambulitsa chithunzi, munthu atakumbatira mbalame kapena kanyama. Iwo eni anali ndi ana 7, ndipo zikuoneka kuti zambiri zimene ankasema ankaziona pakhomo pawo. Zotchuka koposa ndi mitu ya anthu oimba likhweru. Pakamwa pake ndi kamzere kopyapyala, pakati pake pali kabowo kamodzi, ndipo mukagogoda pakabowopo ndi chala chachikulu mwala umatulutsa kaphokoso. Ndi nthabwala yosemedwa m'mwala. M'nyumba zoonetsera zaluso amaletsa kugwira zinthu, koma chosema ichi sichikwanira mpaka munthu atachigwira.

Nthabwala zomwezi zimaonekanso m'mayina a ntchito zawo. Chimodzi cha mu 1988 chili ndi dzina la Chingerezi lakuti I Know You Have Stolen My Eggs, ndiye kuti ndikudziwa kuti wandibera mazira. Aliyense amene adakulira m'komboni kapena kumudzi akudziwa mlandu umenewu, ndi mmene umathera.

Nanga dzina lakuti Shona sculpture lidachokera kuti? Apa tiyenera kubwerera ku Salisbury, kwa a Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba ya zaluso ya Rhodes National Gallery, imene idatsegulidwa mu 1957 ndipo lero ndi National Gallery of Zimbabwe. A McEwen adakhalitsa ku Paris, ankadziwana ndi akatswiri a zojambula a kumeneko, ndipo atafika kuno adakhumudwa ndi zimene azungu a ku Rhodesia ankajambula. Adayamba kupereka penti ndi zida kwa anthu akuda, kuyambira ogwira ntchito m'nyumba ya zalusoyo monga a Thomas Mukarobgwa, ndipo gulu limeneli lidatchedwa Workshop School. Mu 1962 adachititsa msonkhano waukulu wa chikhalidwe cha Africa mu Salisbury momwemo, m'dziko limene munthu wakuda sankaloledwa kulowa m'mahotela ambiri. Tisawachepetse bamboyu. Popanda iwo miyala imeneyi sikadafika ku Musée Rodin ku Paris mu 1971, ndipo boma la a Smith silinkawakonda, mpaka adachoka m'dzikoli mu 1973.

Koma kuti agulitse miyalayi ku Paris, London ndi New York ankafunika nkhani, ndipo nkhani imene adasankha inali yakuti luso lakale la Ashona, limene lidasema mbalame 8 za mwala zopezeka ku Great Zimbabwe, lidagona zaka mazana ambiri ndipo tsopano ladzuka, likutulutsa mizimu ndi nthano za mtundu umodzi. Ndi nkhani yokoma. Vuto lake ndi lakuti pakati pa mbalame zija ndi zaka za m'ma 1950 palibe mzere wa osema miyala wopatsirana luso, ndipo gawo lalikulu la anthu amene ankasema ku Tengenenge silinali la Ashona n'komwe. Poyamba a McEwen ankalandira ndi kuonetsa ntchito za ku Tengenenge, koma adasemphana ndi a Blomefield, amene ankalola aliyense kusema ndi kugulitsa chilichonse. Mu 1969 a McEwen adatsegula malo awoawo ku Vukutu, kufupi ndi Nyanga, kumene ankasankha okha osema. Dzina lija lidatsala, lidakula, n'kuphimba onse. Ofufuza ena adalitsutsa pambuyo pake, makamaka a Jonathan Zilberg, amene kafukufuku wawo wa mu 1996 ku University of Illinois adaonetsa kuti mwambo wotchedwa wachishonawu udachita kupangidwa m'zaka zimenezi. Koma msika sumva za ofufuza.

Ntchito yanga ku Graniteside ndi yosindikiza: timapepala tomata pa mabotolo, makalendala, timabuku ta malonda. Ndikudziwa mphamvu ya kapepala kakang'ono. Wogula sawerenga mbiri ya fakitale, amawerenga mawu awiri amene ali pa botolo, ndipo mawu awiriwo akangozolowereka palibe amene amafuna kulipira kuti asinthidwe. Ndi zimene zidachitikira a Fanizani ndi anzawo. Sikuti wina adakhala pansi n'kupangana zobisa Achewa. Mabuku abwino amanena poyera kuti iwo anali Mchewa wa ku Zambia. Koma zimenezi zimalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono m'kati, pamene pachikuto pali dzina la mtundu wina.

Pali chiyeso china chimene ife olankhula Chichewa tiyenera kuchipewa, ndicho kuchotsa kapepala kamodzi n'kumatapo kathu. Ena akangomva kuti wosema ndi Mchewa amathamangira ku Nyau, n'kuyamba kuona chigoba cha gule pa nkhope iliyonse. N'zoona kuti Achewa adabwera kuno ndi luso losema zigoba za mtengo, ndipo ntchito za osema ena a ku Tengenenge zimaonetsa zimenezo poyera. Ashona amatcha gule wathu Zvigure ndipo ambiri amamuopa, pamene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Koma chigoba cha gule chimapangidwa kuti chibise munthu ndi kuopseza kapena kulangiza oonerera. Nkhope za a Fanizani sizibisa kanthu, ndi za anthu a pakhomo amene akhuta ndipo akucheza. Ndikaziyang'ana ndimaona komboni, malo amene Mchewa, Myao, Msena ndi Mkorekore ankatunga madzi pa mpopi umodzi, n'kumalankhula chilankhulo chosakanikirana, aliyense atasiya mudzi wake kutali ndipo chimene watsala nacho ndi mkazi, ana ndi nkhuku zingapo. Kwa munthu wotere banja si nkhani yaing'ono yosemera alendo odzaona dziko. Ndi dziko lonse limene ali nalo. Ngati luso la ku Tengenenge liyenera kukhala ndi dzina la kumene lidachokera, ine ndingalitche luso la m'komboni.

Nkhondo ya ufulu ndi imene idawachotsa kumeneko. Mu Disembala 1972 asilikali a ZANLA adaukira pulazi ya Altena ku Centenary, dera loyandikana ndi Guruve, ndipo kuyambira pamenepo kumpoto chakum'mawa kudasanduka bwalo la nkhondo. Mu 1974 boma lidasamutsa anthu a ku Chiweshe n'kuwatsekera m'midzi yozingidwa ndi waya. Ogula adasiya kubwera, misewu idakhala yoopsa, ndipo wantchito wa m'pulazi ya mzungu, wobwera kuchokera kunja, ankakayikiridwa ndi mbali zonse ziwiri. Mu 1975 a Fanizani adatenga banja lawo kupita kumalokeshoni a kum'mwera kwa Salisbury, amene mu 1978 adaphatikizidwa kukhala tauni ya Chitungwiza: St Mary's, Zengeza ndi Seke. A Henry Munyaradzi nawonso adachoka chaka chomwecho kulowera komweko. Ku Tengenenge kudatsala anthu owerengeka, mwa iwo banja la a Josiah Manzi.

Ufulu utabwera mu 1980 Tengenenge idadzukanso n'kudzaza ndi osema atsopano, koma a Fanizani sadabwerere. Adapitiriza kusemera pakhomo pawo mu Chitungwiza, mwala ukuchita kubwera pa lole. Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinali za zokolola. Boma latsopano lidalandira luso limeneli ngati chizindikiro cha dziko, malo ngati Chapungu Sculpture Park ya a Roy Guthrie ku Msasa ankatumiza miyala kumaiko ambiri, ndipo ogula ochokera ku Netherlands, Germany ndi America ankafika mpaka m'malokeshoni. Mu 1988 chosema chawo chotchedwa Snake Man, munthu wa njoka, chidayamikiridwa mwapadera pa chionetsero cha chaka ndi chaka cha Zimbabwe Heritage ku National Gallery. Cha mazira obedwa chija chidalowa m'buku la chionetsero chimene chidayendera maiko a ku Ulaya, n'kufika ku Yorkshire Sculpture Park ku England mu 1990. Kutchuka kudabweranso ndi mavuto ake. Kalembedwe kosavuta kuzindikira n'kosavutanso kubera, ndipo maso odulidwa pakati aja adayamba kuoneka pa miyala ya m'mbali mwa misewu yosemedwa ndi anthu ena. Kunena zoona, nawonso eni ake adabwereza nkhope yomweyo kambirimbiri chifukwa ndi imene ogula ankafuna, ndipo si chosema chawo chilichonse chimene chili ndi moyo wofanana. Zabwino kwambiri ndi zimene muli kanthu kakuchitika pakati pa anthu awiri, wina akunong'oneza mnzake kapena akumukoka.

Chitungwiza yomweyo idakhalanso kwawo kwa oimba awiri otchuka a sungura amene makolo awo adachokera ku Malawi, a Nicholas Zakaria ndi a Alick Macheso. Kuyerekeza anthu amenewa ndi a Fanizani kumandiphunzitsa kanthu. Nyimbo za oimbawa ndi za m'Chishona, koma mu zina muli Chichewa, ndipo dziko lonse limavina likudziwa bwino lomwe kuti awa ndi ana a machona. Nyimbo imanyamula chilankhulo chake kulikonse kumene ipita. Mwala ulibe chilankhulo, ndiye aliyense akhoza kuulankhulira, ndipo amene ali ndi sitolo ndi makina osindikizira ndi amene amamveka.

Zimenezi zikadakhala nkhani ya mayina chabe zikadapanda zimene zidachitika kuyambira mu 2000. Kulanda mapulazi a azungu kudachotsa pa ntchito ndi pa malo anthu ambirimbiri a m'makomboni, ndipo pogawa minda ambiri mwa iwo adauzidwa kuti si eni dziko. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa: aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake adapatsidwa miyezi 6 kuti akakane unzika umenewo motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira ku Mbare ndi ku Mufakose, amene sadapondepo ku Lilongwe kapena ku Chipata, adapezeka ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ndipo ambiri sadavote pa chisankho cha pulezidenti cha mu 2002. Mayina akale onyoza, Mabhurandaya ndi Manyasarandi, amene sankasiyanitsa wa ku Blantyre ndi wa ku Katete, adamvekanso mokweza. M'zaka zomwezo a Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, mawu a Chishona otanthauza chiwongo kapena mfunda. Mawuwa adatipweteka chifukwa ndi abodza. Wosema amene ntchito zake zinkaimira Zimbabwe ku Ulaya anali Phiri, ndipo palibe Mchewa amene angafunse ngati Phiri ndi mfunda.

Msika nawo udagwa. Alendo odzaona dziko adachepa, ndalama ya dziko idasanduka mapepala, ndipo osema ambiri achinyamata adasamukira ku South Africa kukagulitsa m'misewu ya Cape Town ndi Johannesburg. Mu Meyi 2005 boma lidayamba Operation Murambatsvina, kugwetsa nyumba ndi misika imene linkati ndi yosaloledwa, ndipo Mbare ndi Chitungwiza zidakhudzidwa kwambiri. Lipoti la nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera ndalama. Ambiri adauzidwa kuti abwerere kumudzi, ndipo ana a machona analibe mudzi wobwererako. Chaka chomwecho National Gallery of Zimbabwe idachita chionetsero cha ntchito za a Fanizani okha, kuwalemekeza monga mmodzi mwa akuluakulu a luso la dziko lino. Zinthu ziwirizi zidachitika mu mzinda umodzi.

Ku Tengenenge a Blomefield adatula udindo mu 2007, n'kusiyira a Dominic Benhura, wosema wa m'badwo wotsatira, ndipo mudzi wa osemawo ukadalipo. A Fanizani adasemabe mpaka ukalamba wawo, ndipo adamwalira pa 5 Febuluwale 2011. Mu 2013 Zimbabwe idalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo ndime 43 idanena kuti munthu wobadwira m'dziko lino malamulowo asanayambe, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye amakhala konkuno, ndi nzika yobadwa nayo. Ana ndi adzukulu a m'makomboni adayamba kufola pa maofesi a boma kukasinthitsa zitupa zawo. Apa n'kuti a Fanizani atagona m'manda zaka ziwiri.